Zaka zisanu za nazale yathu, ndi lole ya dothi imene inatiliza

Mwezi uno nazale yathu yakwanitsa zaka zisanu, ndiye ndati ndilembeko poti ambiri mukabwera mumafunsa kuti dothi la m'machubu mwathu timalitenga kuti.

Tinayambira kuseli kwa nyumba ya lendi ku Chelstone ine ndi amayi akunyumba, ndalama yake ya chilimba, madzi otunga ndi ndowa. Chaka chachiwiri mlimi wina waku Chongwe anatipatsa oda yaikulu ya mbande, ine mtima m'mwamba ndinathamangira kaloba nkugula lole yathunthu ya dothi kwa bambo ena amene analumbira kuti ndi la m'nkhalango. Inde linali la m'nkhalango, koma ya bulugamu ndi paini, izi sananene. Bambo inu ngati mukuwerenga, foni yanu ija mpaka lero siyilowa. Mbande zinamera bwinobwino kenaka zinangoima, masamba achikasu, feteleza tinathira koma olo kusintha. Oda inapita, wakaloba sanapite, tsiku lililonse ali pa geti.

Ndinanyamula dothi lija m'kapepala kupita nalo ku labu ya zaulimi ya ku Mount Makulu ku Chilanga kukapimitsa, anapeza kuti pH yake ndi yotsika, asidi wachuluka. Kumeneko ndi pamene ndinamva koyamba kuti dothi limatengera mtengo umene uli pamwamba pake. Masamba akagwa, tizilombo tosaoneka ndi maso timatulutsa ma enzyme amene amagaya masambawo kuti asanduke chakudya cha mbewu, ina amaitcha phosphatase imamasula phosphorus m'zinthu zowola, ina urease imaphwanya urea kuti nayitrojeni apezeke. Manje masamba a bulugamu ali ndi mafuta aja onunkhira, a paini ndi olimba, onsewa amachedwa kuwola ndiye ntchito ya tizilombo ija imayenda mwaulesi. Komanso asidi akachuluka phosphorus amagwidwa m'dothi, mizu siimupeza ngakhale alipo. Ndiye ndalama ya feteleza ija tinkangotaya.

Chinandiwawa nchakuti agogo anga ku Katete izi ankazidziwa opanda labu. Chimanga chawo chobiriwira kwambiri chinkakhala pansi pa msangu, ndipo ukayerekeza kudulako nthambi unkaona zakuda. Msangu ndi mtengo wa makhalidwe ake, umayoyola masamba mvula ikamayamba pamene mitengo ina ikuphuka, ndiye chimanga chimapeza dzuwa ndi manyowa nthawi imodzi, mizu yake nayo ili ndi timaphundu tokoka nayitrojeni wa mumpweya. Kuchokera pamenepo dothi timapanga tokha, masamba a gliricidia ndi msangu, ndowe zowola, mchenga pang'ono.

Chilala cha 2024 chinatikhudzanso, malaiti akuzima pampu osagwira, koma tinapulumuka ndi madiramu.

Zikomo amayi akunyumba, munagulitsa mashini anu osokera kuti tithane ndi kaloba, ndikudziwa sindinabwezebe. Zikomo amalume amene munatibwereka malo tili pano, azimayi a chilimba chathu, anyamata athu awiri odzaza machubu mpaka zala kutupa, a mpingo, ndi inu makasitomala amene munabweranso titakukhumudwitsani.

Mvula ili pafupi abale. Tili ndi msangu, gliricidia, mango, mapeyala ndi malalanje olumikiza, komanso dothi losakaniza kale m'matumba. Msangu bzalani mamita 10 uku ndi uku, mitengo 100 pa hekitala, koma ndinene zoona umafuna zaka, ofuna zachangu tengani gliricidia. Bulugamu nayenso tili naye wa mapolo, bola akhale kumalire osati pakati pa munda. Tili m'mbali mwa Great East Road popita ku Chongwe, Loweruka timatseka 13 koloko, mukabwera munyamuleko dothi la kumunda kwanu m'kapepala tikuuzeni mapimitsidwe ake.