Zimene ndimachita chowambira nyama chamagetsi chikasiya kulamulira kutentha

Chowambira nyama chimene ndimagwiritsa ntchito ndi bokosi lachitsulo lokhala ndi elementi ya mawati 1,500 pansi pake, kambale ka tizidutswa ta mitengo totulutsa utsi, ndi mashelefu oikapo nyama. Thermostat (chipangizo cholamulira kutentha) imene chinabwera nayo inkalola kutentha kukwera ndi kutsika kwambiri, choncho ndinaichotsa n'kuikamo zipangizo zitatu: kachitsulo koyeza kutentha kotchedwa thermocouple, kabokosi ka PID kamene kamawerenga kutenthako n'kugamula chochita, ndi swichi yotchedwa SSR, imene imayatsa ndi kuzimitsa elementi molamulidwa ndi kabokosiko. Zonse zikamayenda bwino, kutentha kumakhazikika pakati pa madigiri 107 ndi 121 a Celsius kwa maola ambiri. Koma SSR ikawonongeka, nthawi zambiri imafa ili choyatsa, ndipo elementi imalandira magetsi mosalekeza ngakhale kabokosi katalamula kuti izime.

Pachifukwa chimenechi sindiyatsa chowambiracho popanda themomita ina ya mabatire, yosalumikizana ndi PID, yokhala ndi timitu tiwiri: kamodzi kamakhala mumpweya wa m'bokosi pafupi ndi shelefu, kena kamalowa pakati penipeni pa nyama. Themomitayi ndimaiikira malire awiri, wakumwamba ndi wapansi, kuti ilire kutentha kukadutsa 135 kapena kukatsika kufika 95. Manambala a pa PID amangonena zimene kachitsulo kake kakumva, ndipo ngati kachitsuloko kasolotoka pabowo pake kapena kakhudza nyama yozizira, kabokosi kamaganiza kuti m'kati mukuzizira n'kumawonjezera moto mokhulupirika, pamene bokosi likupsa.

Themomita ikalira chifukwa kutentha kwakwera, choyamba ndimazula pulagi pasoketi ya pakhoma. Batani la pa PID silithandiza, popeza limangolamula SSR imene yasiya kale kumva. Chachiwiri, chimene chimafuna kudzigwira, ndi kusatsegula chitseko. Mafuta amene akhala akudontha kuchokera ku nyama amakhala atatentha kwambiri, tizidutswa ta mitengo timakhala tikunyeka pang'onopang'ono chifukwa mpweya ndi wochepa, ndipo kutsegula chitseko kumapatsa zonsezi mpweya umene zinkausowa kuti zibuke malawi. Ndimatseka timabowo totulukira utsi, ndimaima chapatali, n'kumayang'ana nambala ya pa themomita mpaka itayamba kutsika ndithu. Utsi ukakhala wakuda ndi wochuluka, kapena utoto wa kunja kwa bokosi ukayamba kutuwa, ndimadziwa kuti mafuta agwira kale moto. Moto wa mafuta sathira madzi, chifukwa madziwo amasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kumwaza mafuta oyaka ponseponse. Chozimitsira moto cha ufa chimakhala pafupi, ndipo moto ukatulukira kunja kwa bokosi ndi nthawi yoitana ozimitsa moto. Chowambiracho chimayenera kukhala panja, pa simenti, kutali ndi khoma ndi denga, chifukwa mitengo yonyeka popanda mpweya wokwanira imatulutsa carbon monoxide, mpweya wakupha umene sununkha.

Kutentha kukatsika, nkhani imasanduka ya nyama. Ngati vuto linali kutentha kwambiri, nyama ingaume kapena kupserera kunja, koma sikhala yoopsa. Imene yadetsedwa ndi mwaye wa mafuta oyaka kapena ufa wa chozimitsira moto ndi yotaya. Vuto lobisika ndi lija lakuti elementi yazima mwakachetechete, mwina chifukwa chotetezera magetsi cha RCD chadula, zimene zimachitika elementi ikamwa chinyontho. Mabakiteriya amaswana mofulumira pakati pa madigiri 4 ndi 60, ndipo bungwe la boma la America loona za ulimi la USDA limalangiza kuti chakudya chisakhale pamenepa kupitirira maola awiri. Choncho ndimayang'ana kamutu kamene kali m'nyama. Ngati kakusonyeza 60 kapena kuposa, nyama ili bwino. Ngati kali pansi pa 60 koma ndikudziwa kuti moto wazima posachedwa, ndimaisamutsira mu uvuni wa m'khitchini wotenthedwa kale n'kuimaliza mmenemo, poti utsi wochuluka umakhala utalowa kale m'maola oyambirira. Koma ngati sindingathe kunena nthawi imene moto unazima, nyamayo ndimaitaya, ngakhale ikuoneka bwino ndi kununkhira bwino. Ena amati akaiphikanso kwambiri ikhala bwino, koma poizoni wa bakiteriya wa Staphylococcus aureus safa ndi moto wophikira. Ndimakhwimitsa kwambiri pa nyama yogaya, masoseji ndi nyama yobayidwa madzi a mchere, chifukwa mabakiteriya a kunja amakhala atalowa m'kati. Pomaliza kuphika, nkhuku iyenera kufika 74, nyama yogaya 71, ndipo nthuli yathunthu ya ng'ombe kapena nkhumba 63 n'kuipumitsa mphindi zitatu.

Pali chinthu chimodzi chimene chimaoneka ngati vuto pamene si vuto. Nthuli yaikulu ikafika cha m'ma 65 mpaka 75, kutentha kwake kumatha kuima kwa maola, chifukwa madzi otuluka pamwamba pake akamauma amaiziziritsa. Mpweya wa m'bokosi ukakhala pamene uyenera kukhala, palibe chawonongeka.

Kufufuza chimene chalakwika ndimachita bokosi litazizira ndipo pulagi ili yozula, popeza ngakhale SSR yabwinobwino imadutsitsa magetsi pang'ono ikakhala yozima. Ndimayamba ndi thermocouple: m'madzi odzaza ndi ayezi iyenera kuwerenga 0, m'madzi owira 100 pamalo ofanana ndi nyanja yamchere, ndipo nambalayi imatsika ndi digiri imodzi pa mamita pafupifupi 300 alionse okwera. Mawaya ake akalumikizidwa mosemphana, nambala imatsika pamene kutentha kukukwera. Kenako ndimayeza mbali ya SSR yopita ku elementi ndi chipangizo choyezera magetsi chotchedwa multimeter, nditamasula mawaya ake. Chikasonyeza kuti magetsi akudutsa momasuka ngati pa waya wamba, SSR yafa. Chimaipha kawirikawiri ndi kutentha kwa iyo yomwe. Imatulutsa wati imodzi kapena kuposerapo pa ampeya iliyonse, ndipo elementi ya mawati 1,500 imakoka maampeya 6.5 pa mavoti 230 kapena 12.5 pa mavoti 120, motero popanda chitsulo chomwaza kutentha kumbuyo kwake siikhalitsa. Ndimaonanso masikuluwu omanga mawaya, chifukwa lomasuka limatentha mpaka kudetsa pulasitiki, komanso waya wa earth ngati akadali womangika ku bokosi.

Kodi munthu angapitirize kuwamba poyatsa ndi kuzimitsa yekha pasoketi? N'zotheka kwa kanthawi kochepa, pokhapokha ngati elementi ikulandirabe magetsi pulagi ikalowetsedwa ndipo palibe waya wopserera. Ndimakhuthula kambale ka mafuta, ndimaika beseni la madzi m'kati kuti kutentha kusamalumphe, ndimazimitsa pa 115 chifukwa elementi imapitirizabe kutentha ikazima, n'kuyatsanso pa 105, ndipo sindichoka pamalopo. Pa nthuli yofuna maola ambiri sindivutika nazo. Uvuni wa m'khitchini ndi wodalirika kuposa maso otopa.

Ndisanachigwiritsenso ntchito, chowambira chosinthidwa chiyenera kukhala ndi chodulira magetsi chachiwiri chosadalira PID. Changa ndi thermostat yoteteza imene imadula pa madigiri 150 ndipo siibwerera yokha mpaka munthu ataidina, yolumikizidwa ku swichi ina yodula magetsi yotchedwa contactor, imene magetsi amayamba adutsamo asanafike pa SSR, kotero kuti SSR ikafa ili choyatsa, contactor imadula magetsi onse opita ku elementi. Kulumikiza kumeneku ndi ntchito yoti katswiri wa zamagetsi aione, ndipo ikatha ndimayatsa bokosi lopanda nyama, n'kukweza kutentha dala mpaka nditamva contactor ikudula.