Chipolopolo chimodzi cha mzinga, mitengo iwiri

Mwezi uno pa maphunziro athu a akaunti tili pa mutu wa kaikidwe ka mtengo pa katundu amene wakhalitsa mosungira. Ine ndasankha kulemba za zipolopolo za mizinga za 155mm zimene America ndi mayiko a ku Ulaya akhala akutumiza ku Ukraine kuyambira mu 2022 pa nkhondo yake ndi Russia.

Mu June 2023 a ku Pentagon, likulu la unduna wa zachitetezo wa America, anavomera kuti mtengo wa zida zimene anali atatumiza anauwerengera mopitirira ndi madola 6.2 biliyoni. Zidazo zinkachokera m'nkhokwe za asilikali, koma owerengera analemba mtengo wogulira zatsopano m'malo mwa mtengo umene zida zakalezo zinali nawo m'mabuku. Atakonza, panapezeka mpata wotumiza zida zina popanda kupempha ndalama zatsopano ku Congress, nyumba ya malamulo ya America.

Apa ndi pamene ndaimapo nthawi yaitali. Malamulo a akaunti akuti mtengo wa m'mabuku ndiwo wolondola, ndipo sindikutsutsa. Koma nkhokwe ikatha iyenera kudzazidwanso, ndipo wokhoma msonkho adzalipira mtengo wa lero. Mtengowo wakwera koopsa. Mu October 2023 Rob Bauer, yemwe ankatsogolera komiti ya asilikali ya NATO (mgwirizano wa chitetezo wa America, Canada ndi mayiko ambiri a ku Ulaya), ananena kuti chipolopolo chimene chinkagulidwa mayuro 2,000 nkhondo isanayambe chinali chitafika mayuro 8,000. Mu January 2024 NATO inasaina mgwirizano wa madola 1.2 biliyoni wogulira zipolopolo pafupifupi 220,000. Mukagawa, chimodzi chikuposa madola 5,000.

Chakweza mtengo ndi kuchepa kwa mafakitale. Nkhondo isanayambe America inkapanga zipolopolo pafupifupi 14,000 pamwezi. Chitsulo chake chimasulidwa ku Scranton, m'chigawo cha Pennsylvania, kenako amakachidzaza wonga ku Iowa, ndipo wonga wa TNT ankaugula kunja, makamaka ku Poland. Fakitale yotere simangidwa mwezi umodzi, ndipo eni makampani safuna kuwonjezera makina ngati boma silinalonjeze kugula kwa zaka zambiri.

N'chifukwa chake ndalama zokha sizinakwanitse lonjezo. European Union inalonjeza mu March 2023 kuti ipereka zipolopolo 1 miliyoni m'chaka chimodzi, koma chakacho chitatha zinali zitafika pafupifupi theka. Mu February 2024 Pulezidenti Petr Pavel wa Czechia analengeza kuti dziko lake lapeza zipolopolo 800,000 zoti zigulidwe kunja kwa European Union ngati mayiko ena atasonkha ndalama.

Zimandiwawa kuwerengera ndalama pa chinthu chimene chikagwa chimapha anthu, ena mwa iwo achinyamata a msinkhu wanga, a mbali zonse ziwiri. Komabe ndikuona kuti nzika za mayiko opereka thandizo zikuyenera kuuzidwa mitengo yonse iwiri, ndipo mu lipoti langa ndiika iwiriyo moyandikana pa tsamba limodzi.