Lero ndinakanena za kuuma kuja

Lachiwiri, usiku.

Ndinadzuka kusanache, chikhodzodzo chikundikakamiza, koma kufika kuchimbudzi munangotuluka timadontho, kenako kuwotcha kuja. Masiku ano usiku uliwonse nkhani ndi yomweyo. Ndinasiya kusamba zaka zingapo zapitazo, ndipo zotentha thupi zija, zodzuka pakati pa usiku zovala zitanyowa ndi thukuta, zinabwera n'kupita zokha. Ndinkayembekezera kuti kuuma, kuyabwa ndi kuwotcha kumalisecheku kudzatsatira njira yomweyo. Ayi ndithu, chaka chilichonse kukuchita kuwonjezeka. Kukhala pampando nthawi yaitali kumandisowetsa mtendere, chovala cham'kati chothina ndinachisiya kale, ndipo za m'banja ndingoti ine ndi amuna anga takhala tikugona ngati munthu ndi mlongo wake.

Ndiye lero ndinapita kuchipatala.

Namwino atandifunsa chimene chandibweretsa, ndinayankha kuti mkodzo ukundivuta. Si bodza, koma ndi theka la nkhani. Anandipatsa kabotolo, anayeza mkodzowo, n'kupeza kuti mulibe tizilombo. Apa ndinayamba kuganiza kuti andibweza ndi mawu akuti muzimwa madzi ambiri. Koma adokotala amene ndinawapeza m'chipindamo, mayi wamsinkhu wangawu, anayang'ana zotsatirazo, anandifunsa kuti ndinasiya liti kusamba, kenako anafunsa mosapita m'mbali.

"Mayi, kodi kumusiku kumauma? Mukamakhala limodzi ndi bambo kunyumba, kumapweteka?"

Ndinangogwedeza mutu. Misozi inalengeza, osati chifukwa cha chisoni, koma chifukwa munthu wina wanena mokweza chinthu chimene ine ndakhala ndikulephera kuchitulutsa pakamwa.

Anandiyeza. Anasankha kachitsulo kakang'ono kwambiri, anakapaka mafuta ambiri, ndipo chilichonse chimene akufuna kuchita ankayamba andiuza. Ngakhale zinali choncho ndinaluma mano. Ankandifotokozera zimene akuona: khungu lam'kati lapyapyala ndiponso latuwa, makwinya amene amakhalamo mwachibadwa asalala, ndipo pali timadontho tofiira pamene khungulo langokhudzidwa pang'ono. Anatenga kapepala kakang'ono, anakagunditsa m'kati, n'kundionetsa mtundu umene kasintha. Anati asidi wachepa. Mwa mayi amene akusamba, muyezo wa asidi wotchedwa pH, umene umakwera asidi akachepa, umakhala pansi pa 4.5, wanga unali utadutsa 5.

Nditavala ndi kukhala pansi, anajambula papepala. Timatumba ta mazira tikasiya ntchito, zimene kwa amayi ambiri zimachitika pakati pa zaka 45 ndi 55, homoni ya esitrojeni imatsika kwambiri. Esitrojeniyo ndi imene imachititsa khungu la m'njira yoberekera kukhala lochindikala, lonyowa, lotanuka, magazi akuyendamo bwino. Khungu lathanzilo limasunga shuga wina amene amadyetsa tizilombo tabwino totchedwa lactobacilli, ndipo tizilomboto ndi timene timapanga asidi wothamangitsa tizilombo toipa. Esitrojeni ikachoka, shugayo amachepa, tizilombo tabwino timachepa, asidi amachepa, khomo limatseguka kwa matenda. Njira ya mkodzo ndi chikhodzodzo nazonso zimadalira homoni yomweyo. Ndiye kukodza pafupipafupi, kuwotcha pokodza mkodzo uli bwinobwino, matenda a chikhodzodzo obwerezabwereza, kuuma, kupweteka pogonana, zonsezi muzu wake ndi umodzi. Madokotala amalitcha vaginal atrophy, ndipo anati pafupifupi theka la amayi amene anasiya kusamba amakumana nalo, koma amene amalinena kuchipatala ndi ochepa.

Mawu amene anandikhala mumtima ndi awa: "Kutentha thupi kumatha kokha. Ili silitha lokha. Mukalisiya limakula."

Nditamva kuti mankhwala ake enieni ndi esitrojeni, mtima unagunda. Ndinafunsa ngati si mahomoni omwe aja timamva kuti amayambitsa khansa ya m'mawere. Sanandiseke. Anati mantha amenewo anafala m'chaka cha 2002, pamene kafukufuku wamkulu wa ku United States wotchedwa Women's Health Initiative anatulutsa zotsatira zake, ndipo amayi ambiri padziko anataya mankhwala awo. Koma kafukufukuyo anali wa mapiritsi akumwa, amene amazungulira m'thupi lonse. Zimene amandiuza lero ndi zina: mlingo wochepetsetsa, woikidwa pamalo pomwe pali vutopo, umene wolowa m'magazi ndi wochepa kwambiri. Kapiritsi kamodzi koika kumusi kali ndi estradiol, womwe ndi mtundu wa esitrojeni, wokwana mamaikrogalamu 10. Ukawerengetsa timapiritsi ta chaka chonse, zonse pamodzi zimangopitirira pang'ono miligalamu imodzi, womwe ndi mlingo umene mayi wa mapiritsi akumwa angamwe tsiku limodzi lokha. Ndinawapempha kuti abwereze, anabwereza. Chifukwa cha kuchepa kwa mlingoko, anati sindifunikanso homoni inzake ija yoteteza chiberekero, imene omwa mapiritsi amapatsidwa.

Asanalembe kanthu anandipanikiza ndi mafunso. Ndinadwalapo khansa ya m'mawere kapena ya chiberekero? Magazi anaundanapo m'mitsempha ya mwendo kapena m'mapapo? Ndimasuta? Funso limene analibwereza kawiri linali lakuti, chisiyireni kusamba, ndinaonapo magazi ngakhale kadontho? Ndinati ayi. Anati tsiku limene ndidzaone, ndisadzanene kuti ndi kuuma komweku. Mwina ndi kuuma, koma magazi alionse otuluka munthu atasiya kale kusamba ayenera kufufuzidwa, chifukwa ndi mmene khansa ya m'chiberekero imayambira kudzionetsa.

Esitrojeni ya kumusiyi imabwera m'njira zingapo. Pali kirimu, amene ubwino wake ndi wakuti umatha kupakako pang'ono pakhomo penipeni ngati mpamene pakuwawa, koma amadetsa zovala. Pali kamphete kofewa kamene amakalowetsa m'kati n'kukasiya miyezi itatu, kakutulutsa mankhwala pang'onopang'ono. Ndiye pali timapiritsi toika ndi kachubu. Kamphete kanandiopsa, kirimu ndinaona kuti ndi ntchito, ndinasankha timapiritsi: kamodzi usiku uliwonse kwa milungu iwiri, kenako kawiri pa mlungu. Ndinafunsa kuti mpaka liti. Anati malinga ngati ndikufuna kukhala bwino, chifukwa ukasiya, vuto limabwerera pang'onopang'ono. Izi sizinandikondweretse kwenikweni, ine ndimakonda mankhwala okhala ndi tsiku lomaliza. Anandichenjezanso kuti ndisayembekeze chozizwitsa mawa m'mawa. Kusintha kumayamba kumveka pakapita milungu ingapo, ndipo khungu limatenga mpaka miyezi itatu kuti libwerere bwino.

Anatchulanso mankhwala ena awiri, ospemifene wakumwa ndi prasterone woika kumusi, kwa amene esitrojeni yawakanika, koma sitinachedwepo.

Pamene tinachedwa ndi pa zinthu zimene ndimaziona ngati zazing'ono. Sindinkadziwa kuti mafuta a kumusi alipo a mitundu iwiri yosiyana ntchito. Ena ndi onyowetsa khungu: umawaika pakapita masiku awiri kapena atatu alionse, kaya ukugonana kaya ayi, ndipo amamatirira kukhungu n'kusunga chinyezi. Ena ndi otereretsa, a nthawi yogonana yokha, opangidwa ndi madzi kapena silikoni. Onse awiri alibe mahomoni, amachepetsa ululu, koma sabwezeretsa kuchindikala kwa khungu ngati esitrojeni. Za Vaseline anapukusa mutu: iye ndi mafuta ena onse otere amang'ambitsa kondomu, ndiponso sachoka msanga m'kati. Otereretsa onunkhiritsa kapena otenthetsa aja anati ndiwalambalale, khungu lopyapyala limapsa nawo.

Kenako sopo. Munthu ukamamva kuyabwa, maganizo amathamangira ku ukhondo, n'kumasamba ndi sopo mobwerezabwereza, ena mpaka kutsuka m'kati. Adokotala anati kumeneko n'kukolezera vuto. Kunja madzi okha akukwana, m'kati mumadziyeretsa mokha, ndipo kutsukamo kumakokolola tizilombo tabwino tochepa timene tatsala. Ndikuganiza kuti amayi ambiri amene amati akudwala mauka osatha pa msinkhu wathu uno, akumwa mankhwala a mafangasi osachira, vuto lawo ndi lomweli. Amenewa ndi maganizo anga, si a adokotala.

Ndisanatuluke ndinafunsa za makina a laser amene ndimawaona akutsatsidwa pa Facebook, akuti amabwezeretsa utsikana. Anati mu 2018 bungwe loona za mankhwala la FDA la ku United States linachenjeza kuti makinawo sanavomerezedwe pa ntchito imeneyi ndipo amayi ena anapsa nawo n'kutsala ndi zipsera. Nkhani inathera pomwepo.

Masana nditafika kunyumba ndinaimbira achemwali anga aakulu. Iwo anachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'mawere, ndipo mpaka pano amamwa letrozole, mankhwala amene ntchito yake ndi kutsitsiratu esitrojeni m'thupi kuti khansayo isabwerere. Ndinayamba mozungulira, koma anandidula.

"Iwe, ukunena za kuuma? Ine ndiye ndinasiya n'kuwerenga komwe. Ngakhale kudzipukuta ndikakodza kumandiliza."

Zaka zonsezi timaimbirana pafupifupi tsiku lililonse, timakamba za ana, za mawondo, za BP, koma izi palibe anatchulapo. Atamva za timapiritsi tanga anati ndiwagawireko ayese. Ndinakana, ndipo anakhumudwa pang'ono. Mwamwayi ndinali nditawafunsira kale kwa adokotala m'mawa. Kwa munthu amene anadwala khansa ya m'mawere, amayamba ndi mafuta opanda mahomoni aja, onyowetsa ndi otereretsa. Akapanda kuthandiza, esitrojeni ya kumusi si yoletsedweratu kwa aliyense, koma chigamulo chake chimafuna adokotala a khansa, makamaka kwa omwa mankhwala a mtundu wa letrozole. Ndinawauza kuti akapita kokaonedwa akanene zimenezi ndi pakamwa pawo, asadikire kufunsidwa. Anati achita manyazi, adokotala awo ndi mwana wamwamuna wamng'ono. Ndinati alembe papepala ampatse awerenge yekha. Tinaseka mpaka foni inatentha.

Chimene ndinkachiopa kuposa kachitsulo ka kuchipatala chinali kukamba ndi bambo a kunyumba kuno. Titatha kudya ndinaika kabokosi ka mankhwala patebulo, n'kufotokoza zonse monga mmene ndinazimvera, mpaka za asidi zomwe. Anamvetsera osandidula, chinthu chosowa kwa iwo. Nditamaliza anakhala chete kanthawi.

"Ndiye kunali kupweteka? Ine ndimaganiza kuti mwatopa nane."

"Ndikanatopa nanu ndikanakuuzani kalekale."

"Nanga osanena bwanji?"

Funso limenelo ndilibe yankho lake labwino. Munthu umayamba ndi kupirira, kenako kuzemba, kugona mochedwa dala, kunamizira mutu. Thupi nalo limaphunzira: likangodziwa kuti kukubwera ululu, minofu ya pakhomo imadzimanga yokha, ululuwo n'kuwirikiza. Adokotala anati ngati khungu litachira koma kumangikako n'kupitirira, alipo akatswiri a mafizo a minofu ya m'chiuno, komanso timachubu tosiyana kukula tophunzitsira njirayo kutanukanso. Anatinso kugonana kosapweteka kumathandiza, chifukwa kumayendetsa magazi kumeneko, koma kopweteka ndi kokakamiza kumangowononga. Ndinawauza bambowa kuti apirire milungu ingapo, ndipo tikadzayambiranso, tidzayambe mosathamanga, botolo la otereretsa lili pafupi. Anati zaka zimene apirira osadziwa chifukwa chake n'zambiri kuposa milungu imeneyo.

Kapiritsi koyamba ndakaika posachedwapa. Kachubu kake n'kowonda kuposa cholembera, kapiritsiko kali kunsonga. Ndinasamba m'manja, ndinagona chagada mawondo m'mwamba, ndinalowetsa pang'onopang'ono mpaka pamene thupi linalola, n'kukankha kabatani. Polowa panawawa pang'ono, basi. Pakalendala ndalemba masiku 14 oyambawa, ndipo pambuyo pake ndasankha Lolemba ndi Lachinayi.

Pamene ndimachita zimenezi, amuna anga anali atatambasula kapepala ka m'bokosi kaja, magalasi ali pamphuno. Anandipeza nkhope itagwa, chala chili pa mndandanda wa machenjezo: sitiroko, kuundana kwa magazi, khansa. Adokotala anali atandiuziratu kuti kapepalako kadzandiopseza, chifukwa machenjezo ambiri olembedwamo anatengedwa ku mapiritsi akumwa aja, ngakhale mlingo wake uli wosiyana kutalitali. Ndinawafotokozera, koma ndikuona kuti sanakhutire. Ndawauza kuti pobwerera kuchipatala pakatha miyezi itatu tipitire limodzi, akafunse okha mafunso awowo. Avomera, koma akuti m'chipinda choyezeramo iwo sakalowa.