Rauta imodzi, makompyuta atatu kwathu ku Chilenje

Kunyumba kuno tinatopa kugula mabando aliyense payekha, ndiye tinasonkha ndalama n'kugula rauta imodzi, kachipangizo kogawa intaneti m'nyumba. Desikitopu ya atate tinailumikiza ndi waya wa Ethernet poti ili pafupi pomwepo, malaputopu awiriwo ali pa WiFi basi.

Vuto linali kuchipinda kwanga, khoma la mabuloko lija limatchinga siginolo moti 5GHz (mtundu wa WiFi wothamanga koma wosafika patali) simafika n'komwe, ndinasinthira pa mtundu wina wa 2.4GHz manje ikugwira ngakhale ndi yochedwerako pang'ono. Rautayo ndinaichotsanso kuseli kwa TV n'kuiika pamwamba pa kabati, zinasintha kwambiri. Pasiwedi sinthani ndithu anzanga, ija yolembedwa pansi pa rauta mlendo aliyense amangotembenuza n'kuwerenga. Magetsi akapita rautayo timaiyatsira pa ka UPS ka 12V, kabatire kosunga magetsi, mlongo wanga amatumiza asainimenti yake bwinobwino ngakhale mu mdima.