Za kavidiyo kaja ndikupopa mabotolo ndi pakamwa

Chabwino, amene mwatumizirana kale kavidiyo kaja pa gulupu tamvani kaye mbali yanga musanandimalize.

Kuno ku Germany botolo la pulasitiki kapena chitini cha chakumwa si chinyalala ayi, ndi ndalama. Pogula umalipiriratu 25 cents yapamwamba, amati Pfand, ukakabweza pa makina a mu shopu imabwerera. Zinayamba mu 2003 ndipo anthu anazolowera moti ena akatha kumwa ku paki amangoimika botolo pambali pa bini kuti otola asavutike. Ine kungoona choncho mutu wa geni unadzuka, ndinati mabotolo anayi ndi yuro yathunthu, anthu awa akugona eti.

Nde ndinatola, kutola, kutola, ndipo kuti akwane mchikwama ndinawaponda onse mpaka phwathalala. Imeneyo ndi nzeru, musatsutse.

Loweruka madzulo shopu ili thothotho poti Lamlungu kuno amatseka. Ndalowetsa loyamba, makina alizunguza, alizunguza ngati akuganiza, kenako alilavula. Lina, chimodzimodzi, kanyali kofiira. Agogo ena kumbuyo kwanga anangondilozera pa barcode, kuti lophwanyika makina sawerenga.

Ndisiye ndalama pansi ine? Ndinatsegula chitsekero, pakamwa, fuuuu! Botolo la munthu osamudziwa amwene, kaya anali ndi chimfine kaya chani, mkatimo kafungo ka juwisi wa dzana. Masaya tupu, maso psuu, mitsempha ya pakhosi njo, botolo nkulira phwaa shopu yonse kutembenuka. Makina alandira. Basi ndatenga lina, fuuuu, mzere ukukula koma palibe olankhula, anthu akuno akakwiya amangokuyang'ana. Kamwana kena kanafunsa mayi ake china chake, mayiwo anangokatembenuza mutu. Pofika pakati pa chikwama ndimaona nyenyezi, ndagwira khoma ndi dzanja limodzi koma ndikupopabe. Zitini nde osayesa, sizipopeka, milomo inatsala pang'ono kuchekeka.

Chomwe chikundiwawa mpaka pano nchakuti makina omwewo akalandira botolo amaliphwanya mkatimo, umachita kumva khwa khwa khwa. Nde ine ndinalakwa chani, kuwachepetsera ntchito?

Kapepala kokasinthira ndalama pa kauntala kanatuluka ndithu, ndinati ndidzasintha tsiku lina poti pamenepo sindikanatha kuyang'anizana ndi wina aliyense. Ndinakaika mthumba la jinzi. Jinziyo ndachapa dzulo.

Koma amene anajambula uja ndikumudziwa.