Loweruka ku Bell Centre, tsiku lomwe ndaona Poulin ndi maso anga

20 Epulo 2024, Montreal

Ndikulemba mapazi ali m'madzi ofunda, mawu atasasa. Ine amene ndinkati hockey ndi misala ya anthu osadziwa dzuwa, lero ndakuwa mpaka kummero kuwawa.

Matikiti a masewero a hockey ya amayi pakati pa timu yathu ya Montreal ndi ya Toronto, pa bwalo la Bell Centre, anatigulira ndi mnzanga wa kuntchito, akuti anatha asanamalize n'komwe kumwa khofi. Mwana wanga wa zaka 9 wadzuka m'mamawa atavala kale malaya a nambala 29, nambala ya Marie-Philip Poulin, katswiri wa timu ya Montreal. Tinakwera sitima yapansi, kutsikira pa Lucien-L'Allier, ndipo pamenepo ndinadabwa: tiatsikana tambirimbiri, agogo aakazi, azibambo atabereka ana pamapewa, onse ulendo umodzi. Atalengeza kuti talowa anthu 21,105, chiwerengero chomwe masewero a hockey ya amayi sanachifikepo, bwalo lonse linachita kunjenjemera.

Koma chimene chandikhala mumtima ndi nthawi yoitana maina a osewera. Atatchula Marie-Philip Poulin, anthu anaimirira, kuwomba m'manja osafuna kusiya. Iye anangoima pa ayezi, maso ali m'mwamba, akuoneka ngati akulimbana ndi misozi. Mayi wa zaka 33, kaputeni wa timu ya dziko la Canada, koma manyazi ake ngati mkwatibwi pachinkhoswe.

"Amayi, mukumudziwa koma ameneyu?" mwana anandifunsa. Ndinati ndimangomva. Basi, ndinaputa mavu. Mbiri yonse ndinaimva pompo, ina kwa iye, ina kwa mnzanga uja.

Poulin anakulira ku Beauceville, katauni kakang'ono ka m'chigawo cha Quebec. Anayamba ndi masewero ovina pa ayezi, sanawakonde, n'kutsatira mchimwene wake ku hockey ali ndi zaka 5. Pa Olympics ya ku Vancouver mu 2010, ali ndi zaka 18, Canada inagonjetsa America 2-0 mu fayinolo, zigoli zonse ziwiri zake. Ku Sochi mu 2014 Canada inali kutsalira, iye anabweza kutatsala masekondi 55, kenako n'kumwetsanso chopambanira m'nthawi yowonjezera. Mu 2018 anagonja, anabwerako ndi mendulo ya siliva. Ku Beijing mu 2022 anagoletsanso ziwiri mu fayinolo. Lamulungu lapitali, ku Utica m'dziko la America, wagoletsa zina ziwiri pomwe Canada imatenga chikho cha dziko lonse, 6-5. Munthuyu zigoli zake amasungira tsiku la mavuto.

Ndiye taganizani. Wosewera wotere, kwa zaka zambiri analibe ligi yomulipira zoti n'kukhalira. Ligi yakale, CWHL, inkapereka tindalama tongogulira mafuta a galimoto, anzake ambiri masana ali ku ntchito zina, usiku ku zokonzekera, ndipo inatha mu 2019. Osewera akuluakulu anagwirizana kuti sasewera mu ligi ina iliyonse mpaka papezeke yolongosoka, ndipo anadikira zaka zinayi. Ligi yatsopano, PWHL, yomwe taonera leroyi, yayamba pa 1 Januwale chaka chino ndi matimu 6, malipiro otsikitsitsa madola a ku America 35,000 pachaka. Si zambiri ukayerekeza ndi za amuna, koma ndi malipiro. Zaka zinayi kwa wamasewero ndi zambiri, anthu inu, miyendo sidikira. Ndinakumbukira Mwawi Kumwenda, amene anachita kupita kunja kuti luso lake la netball limudyetse.

Mpira weniweniwo ndinavutika kuutsatira. Ka puck, kanthu kamene amamenya ndi ndodo m'malo mwa mpira, n'kakang'ono, kakuda, kamathamanga moti ndinkaona chigoli pomva phokoso basi. Osewera amasinthana mphindi isanathe, kulumpha kampanda masewero ali mkati, wopanda kuimitsa. Ndinangoganiza zolondola nambala 29. Ndipo apa ndinaona chinthu: akataya puck amabwerera kumbuyo mwaliwiro lomwelo lomwe amapitira kutsogolo, ndipo akakhala pabenchi amaweramira mnzake, kumuuza zinazake, kumugogoda chisoti. Mnzanga akuti atolankhani amavutika naye, ukamufunsa za chigoli chake iye amayamba kutamanda amene anamupatsira, kapena kukamba za ana amene akubwera m'mbuyo.

Tagonjatu. Zigawo zitatu zinatha 2-2, ndiye nthawi yowonjezera itangoyamba, masekondi 13 okha, Sarah Nurse wa Toronto anatitsekera pakamwa. Ndinali ndisanakhale n'komwe pansi. Mwana analira pang'ono, koma anthu sanathamangire kutuluka, anaimirirabe kuwombera m'manja matimu onse awiri.

M'sitima pobwerera wandiuza kuti akufuna nsapato zotsetserekera pa ayezi, ndodo, chisoti ndi zotchingira mawondo. Ndayang'ana mitengo pafoni, mutu wandizungulira. Mnzanga akuti pali masitolo ogulitsa zakaunjika, tikaone Loweruka likubwerali.

Ndaimbira amayi ku Zomba kuwafotokozera. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako n'kufunsa kuti, "Nanga akagwa pa ayezipo, mano amatsala?"