Ndayamba kuyang'ana mtengo ndisanawerame

Mtima wakhala pansi tsopano. Milungu itatu ya kafukufuku wa bowa m'nkhalango ya Chongoni ndinkangoloweza mayina a Chilatini, usiku n'kuiwala onse. Zandilowa m'mutu Loweruka lapitali.

Tinali pansi pa misuku tikukangana ndi zithunzi za m'buku pamene mayi wina wozula bowa anatipeza. Dengu lathu sanalisuzumire n'komwe. Anakweza maso m'mitengo nati, "Ana inu, pano mupeza kamsuku. Ndelema kamufuneni uko kuli mombo ndi tsamba." Tinapitako, ndipo tinam'pezadi, atatukula nthaka, woyera ngati dzira.

Apo m'pamene ndinamvetsa. Chimene timazulacho ndi chipatso chabe. Bowa weniweni ndi timaulusi toyera tam'nthaka tokulunga mizu ya mtengo: timaupatsa mtengo madzi ndi mchere wam'dothi, mtengowo n'kumabweza shuga wochokera m'masamba. N'chifukwa chake manyame ndi ndelema sungawadzale m'munda ngati bowa wa oyisitala, ndiponso nkhalango ikathera ku makala iwonso amazimirira. Utale ndi nyonzwe mnzawo si mtengo koma chiswe. Ukakumba mosamala umaona tsinde likupitirira ngati muzu wautali kulowera kuchisa cha chiswe m'chulu. Ngakhale m'minda ya paini ya ku Dedza kuno, umangolowamo bowa n'kusinthiratu.

Ndiye tsopano ndisanawerame ndimalemba kaye mtengo umene uli pafupi, kenako n'kukumba bowayo yense ndi kamtengo, osadula. Kwa ine njira iyi yaposa buku, yaposa ngakhale kuvundikira chipewa papepala usiku wonse kuti uone mtundu wa fumbi la njere. Kukumbako n'kumene kumaonetsa kathumba kam'munsi mwa tsinde la ndelema, chizindikiro cha banja la Amanita, momwenso muli bowa wina wakupha kwambiri padziko lonse. Ukadula ndi mpeni umboni wonse umatsala m'dothi.

Chikundiwawa n'chakuti aphunzitsi anatipatsa mawu oti mycorrhiza, dzina la ubale wa bowa ndi mizu ya mtengowu, sabata yoyamba, pa bolodi, mphindi zosakwana 10, n'kupita pa mutu wina. Bwanji sanatiimike pansi pa msuku? Ndipo nthawi yatithera. Bowa ndi wa dzinja, mvula ikadula mu Malichi kapena Epulo tidzadikira mpaka Disembala, komanso fomu yathu ya kafukufuku ilibe n'komwe danga lolembapo mtengo. Ine ndikumalemba m'mphepete.

Komabe dzulo pansi pa msuku umodzi ndinapeza mitundu inayi. Iwiri inali yofanana chipewa ndi timizere tapansi, wina akutuluka mkaka ukamuthyola, wina ayi. Mayi aja wosadyedwa aliyense amangoti chirombo, koma fomu ikufuna dzina. Mtengo wandiuza poyambira, koma awiriwa akadali m'pepala pawindo, ndipo sindikudziwa kuti ndilembe chiyani.